Ndinavala yukata pamwamba pa juzi: za tsiku la chiJapani lija pa boma

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti nanga zachiJapani zija zinayenda bwanji, ndi zoti munthu nkutayirapo ya kabaza ulendo wina kapena ayi, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha ndisamangobwereza ngati wailesi. Mwachidule, pitani. Pa 10 ndikupereka 7, ndipo 3 ndachotsayo si ya alendo ayi, ndi yathu yomwe. Koma mudyeretu kunyumba, mutenge jekete, ndipo masokosi muwaone kaye bwinobwino musananyamuke, ndifotokoza chifukwa chake.

Linali Loweruka loyandikana ndi pa 7 July, nde mukudziwa kale Dedza mwezi umenewu, chifunga chili mbuu phiri osaoneka, mphepo yake yolowa mpaka m'mafupa. Tinapita atatu, ine, mwana wanga wa sitandade 4 ndi amayi anga omwe anabwera kuchokera kwathu ku Bembeke kudzaonetsa maso kuchipatala. Amayiwo samafuna nkomwe, amati zoonerera Matchaina ine ayi, ndinachita kuwanyengerera kuti mukangokhala pa mpando basi. Polowa akulu K1,000, ana ulere, chakudya cholipira pachokha. Pa positala analemba 9 koloko, ife 9 isanakwane tafika, tikupeza alendowo atayala kale chilichonse pa matebulo, mapepala, inki, nsungwi itaimikidwa pakona, iwo angoima manja kumbuyo akumwetulira. Analipo anayi, atsikana atatu ndi mnyamata mmodzi, mmodzi mwa atsikanawo ndi uja amaphunzitsa masamu pa sekondale ina konkuno yemwe ana amangomuti madamu. Zinayamba 11 itadutsa. Chifukwa? Timadikira mlendo wolemekezeka. Atafika nde kunabwera malankhulidwe, wapampando wa komiti, wachiwiri wake, woyimira makolo, woyimira achinyamata, aliyense kuyambira pamwamba kutchula maudindo onse mmodzimmodzi, sipika ikulira tswiii, ana ayamba kale kulirira mandasi. Ola lathunthu linathera pamenepo ndipo palibe mwa olankhulawo anatiuzako kanthu ka ku Japan kupatula kuti ndi dziko lotukuka ndipo magalimoto athu amachokera kumeneko, zomwe ngakhale kondakitala wa minibasi akudziwa.

Zomwe akanayenera kunena nzoti anthuwa si achilendo kuno. Achinyamata ongodzipereka ochokera ku Japan anayamba kubwera m'Malawi mu 1971, ndipo dziko lathu ndi limodzi mwa mayiko omwe alandira ambiri zedi, aphunzitsi a masamu ndi sayansi, anamwino, a zaulimi. Ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2008. Ngakhale OVOP ija timaimva, mudzi umodzi katundu mmodzi, inayambira kwawo m'chigawo cha Oita mu 1979, ife tinadzaitengera nthawi ya a Muluzi. Koma zaka zonsezi mwana akaona MJapani pamsewu amakuwabe China China, nde tsiku ngati limeneli ntchito yake ndi imeneyo, osati kuwerenga maudindo.

Madamu atapatsidwa maiki holo inadzuka. Analankhula Chichewa, chopindika inde koma chomveka, anayamba ndi kuti ine si Mtchaina, ndine MJapani, kenako nkutiphunzitsa mawu angapo ndipo apa nde ndinaseka mpaka misozi. Akuti kwawo mawu oti inu amatanthauza galu. Eee, galu. Nde akuti atangofika kumene amadabwa kuti bwanji aliyense akufuna kumulemekeza akumutchula galu kkkk. Mawu oti ine kwawo ndi mpunga uli m'munda, mizu ndi madzi, mame ndi nyemba, ana ndi dzenje. Amayi anga omwe amati sakufuna aja ndinawaona akugwedeza mapewa chitenje chili kukamwa. Kuyambira pamenepo anasiya kufunsa kuti tipita nthawi yanji.

Mbali ina ya holo anayala mphasa, ndipo kuti uponde pamenepo umayenera kuvula nsapato nkuziika moyang'ana kukhomo, ndi mwambo wawo m'nyumba salowa ndi nsapato. Kwa ife azimayi sizinali nkhani, timavula kale polowa m'nyumba za eni. Koma azibambo a masuti aja abale, zala zikusuzumira m'masokosi, bambo wina wa komiti anachita kukhala chopinda mwendo umodzi mpaka pulogalamu kutha. Nchifukwa chake ndati muone masokosi.

Pamphasapo mpomwe panali tebulo lalifupi lolembera mayina. Amalemba ndi burashi ndi inki yakuda, mu zilembo zomwe amati katakana, zomwe amagwiritsa ntchito polemba mawu ndi mayina akunja. Mnyamata uja anati mayina athu savuta ngati a azungu chifukwa chilankhulo chawo nachonso chimayenda ngati chathu, ka ki ku ke ko, pafupifupi mawu onse amathera ndi a e i o u. Vuto lili pa l ndi r basi, iwo ali ndi liwu limodzi la pakatikati, nde ndinati apa tafanana ndithu, ifenso Lilongwe ndi Rirongwe timangomva chimodzimodzi. Mzere unali wautali koma umayenda, pepala lililonse amakupatsa ndi manja awiri atawerama pang'ono, ngati mmene timalandirira kanthu kwa akulu. Ili ndi gawo lomwe sindinapezepo chodandaula.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi nsungwi ija. Tsikuli analikonza chifukwa cha mwambo womwe amautcha Tanabata, umachitika pa 7 July, ngakhale madera ena monga mzinda wa Sendai amachita mu August. Nthano yake imati kumwamba kunali mtsikana woluka nsalu dzina lake Orihime ndi mnyamata woweta ng'ombe dzina lake Hikoboshi, atakwatirana chikondi chinawapweteka mpaka onse anasiya ntchito, nsalu osalukidwa ng'ombe zili balala, nde bambo a mtsikanayo pokwiya anawasiyanitsa, wina tsidya lino wina tsidya lina la mtsinje, ndipo mtsinjewo ndi mlalang'amba uja timauona usiku. Amaloledwa kukumana kamodzi pachaka, usiku umenewu basi. Mayi wina kumbuyo kwanga anati nanga si chimodzimodzi amuna athu a ku Joni, holo yonse kuseka koma kuseka kwina kowawa. Nde pa tsikuli anthu amalemba zokhumba zawo pa timapepala tautoto totchedwa tanzaku nkumangirira pa nsungwi.

Poyamba anthu amaopa. Mayi wina wa chigwirizano ananong'oneza kuti izi si zamizimu izi, tisapezeke tapereka mayina athu kosadziwika. Madamu anati simukuyenera kulemba dzina, ndipo ana a sukulu kwawo amalemba chaka chilichonse ngati masewera chabe. Ana atayamba akulu anatsatira, pofika masana nsungwi inali itawerama ndi mapepala. Ine ndi chibwana changa ndinapita kukawerenga, mwina ndinalakwa koma zinali poyera. Ndikhoze mayeso a sitandade 8. Feteleza atsike mtengo. Ndidzakhale nesi. Kachewere agulidwe bwino chaka chino mavenda asatibere. Ndipo kena kolembedwa ndi dzanja la mwana, zilembo zazikuluzikulu zopendekeka, kanangoti adadi asiye mowa. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenako ndinanamizira kuti mphepo yandilowa m'maso. Amayi anga saona bwino nde anandiuza ine kuti ndiwalembere, anati lemba kuti timange chiliza cha abambo ako mvula isanagwe. Ndinalemba, anakamangirira okha.

Za yukata. Ndi chovala chopepuka cha thonje chomwe amavala nthawi yotentha, pakuti kwawo July ndi mwezi wa thukuta, nde tangoganizani kuchivala pa Dedza. Anabwera nazo zisanu ndi chimodzi zokha, anthu mwina mazana awiri, nde aliyense amavala mphindi zochepa, kujambulitsa, kuvula. Ine ndinakana kuvula juzi, ndinavala pamwamba pompo, pa chithunzi ndikuoneka ngati thumba la makala lomangidwa riboni koma ndilibe nazo ntchito. Ndikudzivalira ndekha ndinapinda mbali yakumanja pamwamba, mtsikana wina anathamanga ngati ndagwira moto, ayi ayi ayi, nkundikonza. Akuti mbali yakumanzere ndi imene imakhala pamwamba, mukatembenuza ndi mmene amavekera maliro. Lamba wake amati obi, amamanga mothina kwabasi, ukapuma umachita kupempha chilolezo. Apa dandaulo langa ndi la mzere, panalibe woyang'anira nde achibale a anthu a komiti amangolowa kutsogolo, ena kuvala kawiri kusintha mtundu, pomwe atsikana ena ochokera kutali anabwerera osavalako.

Chakudya nde pali nkhani. Mbale inali K3,000 ndipo ndinene mosabisa, inali yochepa, munthu wozolowera nsima ya mitanda itatu amangoti ndalawa. Munali kampira ka mpunga kotchedwa onigiri, kachidutswa ka chinthu chonga chitumbuwa chophwatalala cha kabichi chomwe amati okonomiyaki, ndi ndiwo ya nyama ndi mbatata yotchedwa nikujaga. Onigiri anavutika nayo, mpunga wawo ndi waufupi womata nde umagwirana wokha, koma apa anaphikira wathu wa Kilombero, fungo labwino inde koma ukangogwira kampirako kamamwazika m'manja. Anakulunga ndi kanthu kakuda kopyapyala kochokera ku ndere za m'nyanja, amati nori, amayi anga anakasenda bwinobwino ngati pepala la switi nkukaika pambali, nditawauza kuti nkodya anandiyang'ana ngati ndapenga. Okonomiyaki ndinaikonda, ndipo ndinaganiza kuti ndi kabichi amene amaolera pa Lizulu ndi pa Tsangano uja munthu atha kuyamba nayo geni, ndi ufa wa tirigu, mazira, kabichi ndi chiwaya basi.

Koma nikujaga abale. Kachewere wathu yemweyu, nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala, anyezi, kaloti, nkuthiramo msuzi wakuda wa soya ndi shuga. Shuga mu ndiwo. Supuni yoyamba pakamwa panakana, yachiwiri panayamba kuganiza, yachitatu ndinayamba kuyang'ana mbale ya mwana wanga. Palibe tomato, palibe mafuta osefukira, koma mbatata yalowa kukoma mpaka mkati. Ndipo zinandipweteka pang'ono kuganiza kuti soya timalima tokha kuno nkumagulitsa motchipa kwa mavenda, anzathu amamuvundika miyezi nkupanga msuzi umenewu ndi china chotchedwa miso, kabotolo kamodzi ku Lilongwe mtengo wake ungagule soya wambiri ndithu. Tisanadye anatiphunzitsa kuphatikiza manja nkunena itadakimasu, kuthokoza chakudya ndi onse amene achikonza. Timitengo todyera tija anagawa, ambiri tinayesa mphindi ziwiri nkubwerera ku zala zomwe Mulungu anatipatsa. Mwana wanga anazika take chilili mu mpunga kuti akamwe madzi, mtsikana uja anabwera mwakachetechete nkutizula, akuti mpunga wozikidwa timitengo choncho amaikira womwalira. Ndinaona kuti anthuwa pa nkhani ya maliro ali ndi zoletsa zambiri ngati ife tomwe. Madzi akumwa kunalibe, chidebe chimodzi chinatha 12 isanakwane ndipo palibe wa komiti anaganiza zokatunga ena, ameneyo ndi mlandu wina.

Tiyi wawo sindinama, sindinamukonde. Ndi ufa wobiriwira wotchedwa matcha, amautakasa ndi katsache ka nsungwi mpaka thovu, opanda shuga opanda mkaka, kuwawa ngati wamwa madzi a chisoso. Amakupatsa kaye kotsekemera kuti udye usanamwe. Koma kaonekedwe ka mwambowo nkosangalatsa, mtsikanayo atagwada, chilichonse pang'onopang'ono, kupukuta mbale, kuitembenuza, kuwerama, holo yomwe inali phokoso inangoti zii yokha. Mwambowu akuti anaukhazika bwino ndi mkulu wina dzina lake Sen no Rikyu zaka za m'ma 1500. Mbale zake zinali zadothi zoumbidwa konkuno ku Dedza ndipo zinakhala ngati zinapangidwira zomwezo. Anthu asanu okha ndi amene anakhala pamphasa kumwa mwa mwambo, enafe tinalawira m'makapu apulasitiki.

Zopinda mapepala zija, origami, anazithamangitsa chifukwa nthawi inali itadyedwa ndi malankhulidwe. Ana anapinda mbalame ya khosi lalitali yonga kakowa, ndipo madamu anayamba kufotokoza za Sadako Sasaki, mtsikana wa ku Hiroshima yemwe anali ndi zaka ziwiri bomba lija likugwa pa 6 August 1945, nkudzadwala khansa ya m'magazi ndi kumwalira mu 1955 akupinda mbalame zoterezi chifukwa kwawo amati ukapinda 1,000 chokhumba chako chimachitika. Nkhani isanathe emusi analanda maiki kuti mlendo wolemekezeka akufuna kutsanzika. Mxii.

Nde mlendoyo atangochoka magetsi anathima, jenereta inalibe mafuta, ndipo kunena zoona tsiku linayambira pamenepo. Tonse tinatuluka kupita pabwalo, dzuwa linali litatuluka, anatigawa magulu awiri, ofiira ndi oyera, kumanga tinsalu pamutu. Awa ndi masewera omwe sukulu za kwawo zimachita chaka ndi chaka, amati undokai, sikuti ndi a akatswiri othamanga okha ayi, aliyense amalowa, wonenepa, wamfupi, agogo. Anamangirira dengu pamwamba pa nsungwi yaitali, pansi anamwaza timatumba tosokedwa ndi zidutswa za zitenje muli mchenga, likalira wezulo gulu lonse kuponya mudengu, kenako kuwerenga limodzi mokweza kamodzikamodzi. Zophweka koma fumbi lake, kukuwa kwake. Kenako kukokana chingwe, azimayi a mumsika mbali ya oyera anakoka azibambo a masuti mpaka wina anakhala pansi m'fumbi, masokosi obooka aja nkuiwalika. Ine ndinali wofiira, tinaluza, phewa likundiwawabe.

Gule analipo wa mitundu iwiri. Woyamba Soran Bushi, wa asodzi a ku Hokkaido kumpoto kwa dziko lawo, ana a sekondale anakonzekera kwa masabata. Umavinidwa chonjuta kwambiri, manja akukoka ngati khoka, kenako kuponya ngati ukutaya nsomba kumbuyo, onse akukuwa dokkoisho dokkoisho. Popanda sipika anyamata anathamangira ng'oma za kusukulu nkuyamba kuimba mwa kwathu, sizimagwirizana kwenikweni koma mwanjira ina zinakoma kuposa. Bambo wina wa ku Mtakataka anati awa akukoka bwino koma khoka lenileni silipepuka choncho. Amene tinakulira ngoma ya Angoni tinaona kuti kuponda pansi mwamphamvu kuja si kwachilendo.

Wachiwiri unali wozungulira bwalo, wodekha, masitepe ochepa obwerezabwereza nkuwomba m'manja, amati Bon Odori, aliyense analowa ngati chimtali. Titatha amayi anga anakhala pa benchi kupuma, madamu anabwera nkugwada pambali pawo kuwafunsa agogo mwatopa. Amayi anati iyayi mwanangu, koma guleyu ngwa chiyani. Nde anafotokoza ndi Chichewa chake chija kuti pakati pa August kwawo kuli masiku otchedwa Obon, amakhulupirira kuti mizimu ya makolo imabwera kudzacheza kunyumba, anthu amachoka m'tauni kupita kumudzi, amakalambula kumanda, amayatsa moto pakhomo kuti mizimuyo isasochere, amaiikira chakudya, amavina gule ameneyu, ndipo masikuwo akatha amaiperekeza ndi nyali, madera ena amaziyandamitsa pamtsinje. Amayi anakhala chete nkuti, nde inunso mumalambula kumanda. Anati eya agogo. Mumaphikanso. Eya. Amayi anatembenukira kwa ine nkuti ukumva iwe, anthu opanga magalimoto awa sanataye makolo awo, iwe chiliza cha abambo ako chaka chachitatu chino ukungoti mawa. Ndinabwera kudzaonerera zachiJapani ndinapezeka ndikuzengedwa mlandu wa pamtundu, madamu akungogwedeza mutu osadziwa kuti andipalamulira. Anacheza mpaka kufika pa gule wamkulu, madamu anati anapitako ku Mua ndi ku mapanga a Chongoni kukaona zojambula pamiyala, amayi anamuuza kuti adzabwere ku Bembeke adzadye nsima ya mgaiwa ndi nyemba, zoti Matchaina zija sanazitchulenso.

Pomaliza anagawa matumba kuti tonse titole zinyalala. Ena mukukumbuka masapota a Japan ku World Cup ya 2022 ku Qatar akutola mabotolo m'sitediyamu atachinya Germany 2-1, ndi khalidwe lomwelo, kwawo ana amasesa ndi kukolopa okha sukulu. Izi kwa ife si zatsopano, tonse tinapitako kusukulu ndi tsache m'manja. Chatsopano chinali kuona aphunzitsi ndi alendo eni ake akuwerama limodzi ndi ana, pomwe a komiti ena anali atatsamira galimoto akugawana mafanta otsala.

Kwa okonza, ngati mudzachitenso, malankhulidwe akhale awiri, madzi akhale ambiri, mbale muwonjezereko kapena mulole amayi a zitumbuwa ndi tchipisi agulitse pageti m'malo mowathamangitsa, ndipo masewera apabwalo aja muwaike m'mawa anthu adziwane msanga kuzizira kuthawe. Komanso pamalo ovulira nsapato muikepo munthu. Ine pobwerera pamphasa paja ndinapeza sandasi zanga zakuda yakumanja ili yanga, yakumanzere ya saizi 8 pomwe ine ndimavala 6, ndinayenda chokhwekhwereza mpaka pa siteji ya kabaza amayi akundiseka njira yonse. Nde mayi amene muli ndi 6 yakumanzere, ikukuthinani ndikudziwa, ndimapezeka mumsika mzere wa kachewere Lachiwiri ndi Lachisanu, bweretsani tisinthane.